Ya ndiwo payokha, ya chisangalalo payokha: kodi malire a pasabata angatheke kwa Kaphuka?

Dzuwa likamapendeka pa tsiku la msika m'malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Dedza, monga Chimbiya ndi Linthipe 1, ndalama imasintha manja mofulumira kuposa m'mawa. Mlimi amene adalawirira ndi matumba a kachewere, nyemba kapena soya pangolo amakhala atagulitsa, ndipo m'thumba mwake mumakhala ndalama zimene sadazigwirepo chiyambire chaka. Utsi wa kanyenya umakhala uli tolotolo, nyimbo za m'mabala zayamba kumveka patali, ndipo anzake amene sadaonane nawo chikololere amakhala atamusungira kale malo pabenchi. Kukacha, ena mwa alimiwa amalephera kufotokoza kumene gawo lina la ndalamazo lalowera.

Zimenezi si zachilendo m'dera la Mfumu Kaphuka, monganso si zachilendo ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe kapena ku Ndirande mumzinda wa Blantyre Lachisanu la kumapeto kwa mwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti wapantchito wa m'tauni akaonongera malipiro ake m'masiku atatu, amavutika masabata atatu n'kulandiranso, pamene mlimi akachita chimodzimodzi amadikira chaka chathunthu. Ndalama imene yathera pa chiwaya ndi pabala mu Juni ndi yomweyo imadzasowa pogula feteleza mu Novembala, ndipo feteleza amene sadagulidwe mu Novembala ndiye njala ya chaka chinacho.

Pamene mitengo ya zinthu ikukwerabe, anthu ambiri apantchito ayamba kukamba za njira imene imaoneka yapafupi: kudziikira malire a ndalama zogwiritsa ntchito pa sabata iliyonse pa chakudya ndi pa zosangalatsa, ndipo zikatha, kudikira mpaka sabata ina. Funso n'lakuti kodi njirayi, imene idabadwira m'maiko momwe malipiro amabwera mokhazikika ndipo mitengo imasintha pang'onopang'ono, ingagwire ntchito m'dziko muno, makamaka kumidzi monga kwa Kaphuka.

Chifukwa chake nkhaniyi yakula tsopano

Zaka zingapo zapitazi zakhala zowawa pa thumba la Mmalawi aliyense. Mu Meyi 2022 Banki Yaikulu ya dziko lino idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi maperesenti 25, ndipo mu Novembala 2023 idaichepetsanso ndi maperesenti 44, zomwe zidachititsa kuti dola imodzi ya dziko la America ichoke pa K1 180 kufika pa K1 700. Pakati pa zaka zimenezi padagwa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kenaka ng'amba ya mu 2024 imene idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'mavuto a ngozi zogwa mwadzidzidzi. Pakati pa 2023 ndi 2025 kukwera mitengo kwa zinthu kunkazungulira pa maperesenti 30 pachaka, ndipo kwa nthawi yaitali chakudya ndicho chinkatsogolera. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga lolemera makilogalamu 50 lidafika pa K100 000 m'madera ena. Mu Okutobala chaka chomwecho mtengo wa petulo udachoka pa K2 530 kufika pa K3 499 pa lita, ndipo aliyense akudziwa kuti mafuta akakwera, minibasi, kabaza ndi chigayo zimatsatira.

Malipiro nawo adakwezedwa, koma mothamangira kumbuyo. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo adafika pa K90 000 pamwezi mu Febuluwale 2024, kenaka pa K126 000 mu Juni 2025. Munthu wolandira K126 000 amakhala ndi pafupifupi K29 000 pa sabata, kapena K4 100 ndi zochepa pa tsiku, ndipo mmenemo ndiye mochokera lendi, ufa, ndiwo, makala, sopo ndi zofunika kusukulu.

Alangizi ena a za chuma amakonda kuphunzitsa lamulo limene lidatchuka ndi buku la Elizabeth Warren ndi mwana wake Amelia Warren Tyagi la mu 2005, lakuti theka la malipiro lipite ku zofunika, maperesenti 30 ku zokhumba mtima ndipo maperesenti 20 asungidwe. Pa K126 000, theka ndi K63 000. Mtengo wotsikitsitsa umene boma lidalamula kuti chimanga chigulidwire kwa alimi mu 2025 udali K1 050 pa kilogalamu, kutanthauza K52 500 pa thumba, ndipo banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limadya pafupifupi thumba limodzi pamwezi. Zotsala pa theka lija ndi K10 500 yokha, yoti ikwanire chigayo, ndiwo, nyumba ndi zina zonse. Apa n'zoonekeratu kuti lamulo la ku America silingangotengedwa momwe lilili.

Katswiri wa za chiwerengero wa ku Germany, Ernst Engel, adaonetsa kalekale mu 1857 kuti banja likamasaukirasaukira, gawo la ndalama zake lopita ku chakudya limakulirakulira. Kuno kwathu chakudya chimatenga kuposa theka la mlingo umene ofesi ya National Statistical Office imagwiritsa ntchito poyeza kukwera mitengo kwa zinthu. Bungwe la Centre for Social Concern, limene mwezi ndi mwezi limawerengera mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu ndi mmodzi m'mizinda, lakhala likupeza kuti mtengowo umaposa kutali malipiro otsikitsitsa. Choncho, kwa Amalawi ambiri, ndalama ya chakudya ndi ndalama ya chisangalalo sizili m'matumba awiri. Zimachokera m'thumba limodzi, ndipo botolo lililonse logulidwa usiku limachotsa kanthu m'mbale ya ana.

Masamu a wapantchito

Kwa mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena wogwira ntchito pa chipatala cha kumudzi, amene amalandira pakutha pa mwezi, mfundo ya malire a pasabata ili ndi nzeru yomveka. Mwezi ndi wautali kwambiri kuti munthu auone wonse ndi maso. Pa tsiku lolandira, ndalama imaoneka yambiri, ndipo munthu amadzinamiza kuti K10 000 imodzi singasinthe kanthu. Sabata ndi yaifupi: amene wamaliza ndalama yake Lachinayi amadziwa pomwepo kuti walakwitsa, ndipo chilango chake ndi masiku atatu okha, osati masabata atatu a ngongole.

Njirayi imayamba ndi kuchotsa zonse zokhazikika pa tsiku lenileni lolandira: lendi, ufa wa mwezi wonse, fizi, gawo la ku banki m'khonde, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi chithandizo chopita kwa makolo. Zotsalazo ndizo zimagawidwa m'masabata. Koma apa pali msampha umene ambiri amagwamo, wogawa ndalamayo panayi. Chaka chili ndi masabata 52, osati 48. Munthu amene amatsala ndi K60 000 pamwezi akamagwiritsa ntchito K15 000 sabata iliyonse, pakutha pa chaka adzakhala atagwiritsa ntchito K780 000 pamene iye adali ndi K720 000 yokha. Kusiyana kwake ndi K60 000, ndalama ya mwezi wathunthu. Malire ake enieni ndi pafupifupi K13 800 pa sabata. N'chifukwa chake miyezi imene imakhala ndi Lachisanu kasanu imagwetsa ngakhale anthu odzisamala.

Chachiwiri n'kulekanitsa ndalama ya ndiwo ndi ya chisangalalo. Zikaikidwa pamodzi, ya ndiwo ndiyo imagonja, chifukwa nyemba zikhoza kudyedwa masiku anayi motsatizana popanda wodandaula pagulu, pamene kukana kuponyera anzako botolo kumachitika anthu akuona. Katswiri wa za chuma Richard Thaler, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2017, adafotokoza kuti anthu saona ndalama zonse mofanana. Ndalama imene yapatsidwa dzina ndi ntchito imavuta kuigwiritsa ntchito pa china. Amayi ambiri a kumudzi adaidziwa nzeruyi popanda kuiwerenga m'buku: ya chigayo imamangidwa pa ngodya ina ya chitenje, ya mchere ndi sopo pa ngodya inzake.

Masamu a mlimi

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti boma la Dedza lili ndi anthu oposa 830 000, ndipo m'dziko lonse anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi. Kwa ambiri mwa anthuwa, liwu lakuti malipiro silitanthauza kanthu. Ndalama yaikulu imabwera kamodzi, pakati pa Epulo ndi Ogasiti, akagulitsa soya, mtedza, nyemba, fodya kapena chimanga. Amene ali ndi dimba amapezako ina pa tomato, kabichi ndi kachewere wa m'chilimwe. Miyezi yotsalayo ndi ya maganyu ndi timalonda ting'onoting'ono.

Ena angaganize kuti munthu wotere sangadziikire malire a pasabata. Zoona zake n'zakuti iyeyo ndiye akuwasowa kwambiri. Kuyambira kumayambiriro kwa Juni mpaka kumapeto kwa Malichi pali masabata pafupifupi 43. Mlimi amene wapatula ndalama ya feteleza, mbewu ndi fizi n'kutsala ndi K215 000 amadziona ngati wolemera tsiku limenelo. Koma akaigawa m'masabata 43, imakhala K5 000 pa sabata, ndalama ya pepala imodzi yokha, yoti igule mchere, sopo, mafuta ophikira, usipa ndi kulipira chigayo. Usiku umodzi wa K30 000 pamsika umadya masabata asanu ndi imodzi a banja lonse. Mlimi amene waona masamu amenewa asadalowe m'bala amaganiza kawiri. Amene sadawaone amadzawaona mu Januwale.

Mfundo yogawa chuma molingana ndi nthawi si yachilendo kwa Achewa. Nkhokwe idali bajeti ya makolo. Mayi wa pakhomo ankadziwa kuchuluka kwa madengu oyenera kutapidwa pa mwezi kuti chimanga chifike pa zokolola zina, ndipo m'midzi yambiri ya chikamwini mwamuna sankangotapa m'nkhokwe mwachisawawa. Chimanga choti chifululidwe mowa chinkapatulidwa poyera, aliyense akudziwa. Chimene chasintha n'chakuti chuma cha banja chachoka m'nkhokwe, momwe aliyense ankachiona ndi maso, n'kulowa m'thumba ndi m'foni ya munthu mmodzi, momwe chimatha popanda phokoso.

Zimene kafukufuku wa m'dziko muno adapeza

Nkhani ya momwe nthawi yolandirira ndalama imakhudzira kagwiritsidwe ntchito kake idafufuzidwapo m'dziko muno. Akatswiri Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin adachita kafukufuku pakati pa ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya Lujeri m'boma la Mulanje, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2021. Ogwira ntchitowo adapatsidwa mwayi wosankha kuti gawo la malipiro awo lizisungidwa ndi kampani, popanda chiongoladzanja, n'kudzalandira zonse pamodzi pakutha pa nyengo yokolola. Pafupifupi theka adavomera, ndipo patapita nthawi ambiri mwa iwo adali atakonza nyumba zawo, kuphatikizapo kufolera ndi malata, kuposa anzawo amene sadapatsidwe mwayiwo.

M'kafukufuku wina ku Mulanje komweko, Brune ndi Kerwin adalipira anthu ena sabata iliyonse ndipo ena kamodzi pakutha pa mwezi. Ena ankalandira pa tsiku la msika, ena tsiku wamba. Ambiri adasonyeza kuti amakonda kulandira zonse pamodzi, ndipo akatswiriwo sadapeze umboni wakuti kulandira pa tsiku la msika kumachititsa anthu kuonongera ndalama zambiri pa mowa ndi zina zokopa. Kafukufuku wachitatu, wa Brune pamodzi ndi Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang pakati pa alimi a fodya a m'chigawo chapakati, adaonetsa kuti alimi amene ndalama zawo za fodya zidalowetsedwa mwachindunji m'mabuku a kubanki adagula zipangizo zaulimi zochuluka nyengo yotsatira.

Zotsatirazi zili ndi maphunziro awiri. Loyamba n'lakuti anthu opeza zochepa sali osasamala monga momwe ena amawanenera. Amadziwa kuti ndalama ya m'manja imatha msanga, ndipo amafunafuna njira yodzimangira manja, ngakhale yopanda phindu la chiongoladzanja. Lachiwiri n'lakuti malire a pasabata pawokha sakwanira. Chimene chimapulumutsa ndalama yaikulu ndi kuiika patali ndi dzanja. Malire a pasabata amagwira ntchito pokhapokha ndalama yotsalayo ili pamalo povuta kuifikira usiku wa Loweruka. Kwa mlimi wa kwa Kaphuka, malo amenewo akhoza kukhala banki m'khonde, chipereganyu, mbuzi m'khola, kapena thumba la feteleza logulidwiratu mu Julayi mtengo usadakwere.

Chisangalalo sichingafafanizidwe

Alipo amene anganene kuti munthu wosauka alibe chifukwa chopatulira ndalama ya chisangalalo, ndipo gawo limenelo lingokhala lopanda kanthu. Maganizowa amamveka bwino pa gome la mlaliki kuposa m'moyo weniweni. Kumudzi, bwalo la masese, tiyirumu, malo oonetsera mpira wa ku England pakanema ndi pansi pa mtengo posewerera bawo ndiwo malo omvera za mitengo ya mbewu, za maganyu, za munda wobwereketsa ndi za ukwati. Munthu amene sapezeka konse m'malo amenewa amatsalira pa zambiri. Kuonjezera apo, bajeti imene ilibe mpata wopumira siikhalitsa. Amene wadziletsa kotheratu masabata atatu kawirikawiri amadzabwezera zonse usiku umodzi.

Chofunika ndi kutchula chiwerengero. Munthu wogwiritsa ntchito K3 000 katatu pa sabata saona ngati akuononga, koma pa chaka imeneyo ndi K468 000, yokwanira matumba awiri, mwinanso atatu, a feteleza pa nthawi imene thumba limodzi lidapyola kale K100 000 m'masitolo. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mawuwa amagwira mbali zonse ziwiri: posunga ndi pomwaza. Amene wadziuza kuti chisangalalo chake ndi K4 000 pa sabata, n'kutuluka m'nyumba ndi ndalama yokhayo, wasiya foni ya ndalama kunyumba, wadzipatsa ufulu wosangalala popanda kudziimba mlandu m'mawa mwake.

Vuto lalikulu la mowa wa pagulu ndi mwambo woponyerana. Anthu asanu akakhala pa tebulo limodzi, aliyense n'kugulira onse kamodzi, ndiye kuti aliyense wamwa kasanu ngakhale adabwerera awiri okha. Malire a munthu mmodzi amasweka ndi ulemu wa gulu. Palinso vuto la mowa wotchipa koma waukali. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 poona momwe unkaonongera achinyamata, koma kachasu ndi mowa wina wa m'timabotolo ting'onoting'ono zikupezekabe. Apa pali ngozi imene olimbikitsa bajeti saitchula kawirikawiri: munthu amene wachepetsa ndalama ya mowa koma osachepetsa ludzu akhoza kungotsikira ku mowa wotchipa ndi woopsa. Kwa amene mowa wamulowerera, malire a ndalama si mankhwala. Amafunika thandizo la achipatala ndi la abale.

M'zaka zaposachedwa pabwera chisangalalo china chimene sichinunkha m'kamwa: kubetcha pa mpira ndi masewero a pafoni. Makampani a juga, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, afika pafupifupi pa malo alionse a malonda, ndipo foni yachititsa kuti munthu azibetcha ali chigonere. K500 pano, K1 000 apo, sizioneka ngati usiku wa pabala, koma zimachokera m'thumba lomwelo. Malire a pasabata amene sawerengera kubetcha ndi mayunitsi a foni amakhala ngati dengu lobooka pansi.

Foni, ngongole ndi abale

Airtel Money, imene idayamba mu 2012, ndi TNM Mpamba, imene idatsatira mu 2013, zathandiza kwambiri anthu a kumidzi amene banki ili kutali nawo. Koma zachotsanso chotchinga chimene ndalama ya pepala inali nacho. Kale, m'thumba mukauma, usiku unkathera pomwepo. Lero mwini bala ali ndi nambala yolandirira ndalama, ndipo kulipira ndi zala sikupweteka monga kuwerenga mapepala. N'chifukwa chake amene njira ya pasabata ikuwayendera amatapa ndalama ya sabatayo kamodzi kwa ejenti, zomwe zimachepetsanso ndalama zodulidwa potapa, ndipo yotsalayo saikhudza.

Mdani wina ndi ngongole. Kabuku ka ngongole ka pagolosale ndi pabala kamachititsa kuti sabata ya mawa idyedwe lero. Chiongoladzanja cha Banki Yaikulu chidakwezedwa kufika pa maperesenti 26 mu Febuluwale 2024, kutanthauza kuti ngakhale ngongole ya kubanki ndi yodula. Nanji katapila, amene amawerengera phindu lake pa mwezi kapena pa sabata. Kumudzi ngongole yoopsa kwambiri ndi yogulitsa mbewu zili m'munda, pamene mlimi amalandira ndalama yochepa mu Febuluwale n'kudzapereka matumba athunthu mu Meyi. Wochita zimenezi amayamba chaka chatsopano ali kale m'dzenje.

Palinso nkhani ya abale, imene mabuku a kunja saidziwa. Maliro, matenda, chinkhoswe, mwana wa mlongo amene wabwezedwa kusukulu: zimenezi sizigogoda, ndipo Mmalawi sangayankhe kuti malire a sabata ino atha. Kuthandizana kotere ndiyo inshulansi yokhayo imene anthu ambiri ali nayo, ndipo amene wakana lero sadzaona womuthandiza mawa. Njira yanzeru si kutseka khomo koma kupatula gawo lapadera la zogwa mwadzidzidzi, kuti maliro akagwa asagwetse mphika. Magulu ambiri a banki m'khonde ali kale ndi thumba lotere, limene mamembala amasonkha pang'ono pa msonkhano uliwonse.

Malire a ndani?

M'mabanja ambiri mayi ndiye amakhala kale ndi malire okhwima. Amapatsidwa ndalama ya ndiwo yowerengeka, ndipo amafunsidwa ikatha msanga. Amene alibe malire ndi bambo, amene ndalama yake ya m'thumba palibe amaidziwa kuchuluka kwake. Ngati mfundo ya pasabata ingagwiritsidwe ntchito pofinya ndalama ya kukhitchini kokha, idzakhala chida china chozunzira amayi, ndipo kumana banja chithandizo ndi imodzi mwa nkhanza zimene lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la mu 2006 limaletsa.

Ubwino weniweni wa njirayi umaoneka pamene mwamuna ndi mkazi akhala pansi tsiku logulitsa mbewu kapena lolandira malipiro, n'kutchulirana ziwerengero zonse ziwiri: ya ndiwo ndi iyi, ya chisangalalo ndi iyi, ndipo mayinso ali ndi kake kogwiritsa ntchito osafunsidwa. Mikangano yambiri imene imafika kwa ankhoswe ndi kwa anyakwawa nyengo yokolola siyambira pa kuchepa kwa ndalama ayi, koma pa kubisirana.

Pamene kwacha ikusungunuka

Chotsutsa champhamvu kwambiri pa njira ya pasabata ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mitengo ikamakwera ndi maperesenti 30 pachaka, K10 000 ya mu Januwale pofika Disembala imagula zinthu zimene poyamba zinkagulidwa ndi K7 700 yokha. Mlimi amene wasunga ndalama ya pepala pansi pa mphasa kuti azitapa K5 000 sabata iliyonse adzapeza kuti mu Malichi ndalamayo sikugulanso zimene inkagula mu Juni, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe chimanga chimakhala chitakwera kwambiri.

Izi zikutanthauza kuti m'dziko muno mbali ya chakudya iyenera kuwerengedwa m'katundu kuposa m'makwacha. Chimanga, nyemba, mtedza, mchere ndi sopo, zimene sizionongeka msanga, n'zofunika kuzigula kapena kuzisunga nthawi yokolola mitengo ili pansi, n'kuzigawa m'masabata monga ankachitira makolo ndi nkhokwe. Ndalama ya pasabata itsalire zokhazo zosasungika: masamba, tomato, usipa, chigayo. Wapantchito wa m'tauni amene ali ndi abale ku Dedza amadziwa kale kuti matumba asanu ogulidwa mu Meyi amaposa ndalama yosungidwa kubanki. Mbali ya chisangalalo ndiyo yoyenera kukhala m'makwacha okhazikika, chifukwa mowa ukakwera mtengo, malirewo amachepetsa okha kuchuluka kwa mabotolo.

Pamene bajeti imalekezera

Pali choonadi china chimene sichiyenera kubisika pansi pa malangizo onsewa. Kafukufuku wa boma wa m'mabanja wa mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka, potengera mlingo wa K165 879 pa munthu pa chaka, imene pa mitengo ya nthawi imeneyo idali pafupifupi K3 190 pa sabata. Munthu amene ali pansi pa mlingo umenewu alibe choti agawe. Kumuuza kuti adziikire malire n'chimodzimodzi kuuza wopanda munda kuti azichita kasinthasintha wa mbewu. Mavuto ake ali pa mtengo wa feteleza, pa misika imene mavenda amagula mbewu motsika ndi masikelo okayikitsa, pa kusowa kwa ndalama zakunja ndi pa mvula yosadalirika. Zimenezi ndi ntchito ya boma, ndipo ulamuliro umene udalowa pambuyo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 udzayezedwa ndi momwe udzatsitsire kukwera mitengo kwa zinthu, osati ndi malangizo opita kwa anthu kuti amange malamba.

Komabe pakati pa osowa kotheratu ndi olemera pali khamu lalikulu: aphunzitsi, akabaza, amayi a geni, alimi a maekala awiri kapena atatu, amene ndalama imawadutsa m'manja ndithu koma siikhala. Kwa amenewa, kusiyana kwa chaka chabwino ndi chaka cha ngongole kawirikawiri kumakhala matumba awiri a feteleza, ndipo matumba awiriwo amatayika pang'onopang'ono m'masabata a pakati pa Juni ndi Seputembala, pamene m'thumba muli kanthu ndipo mvula ikuoneka ngati ili kutali. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Mitambo ikadzayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Dedza ndi mapiri a Chongoni, mabanja a kwa Kaphuka adzagawika pawiri monga zimakhalira chaka ndi chaka. Ena adzatulutsa feteleza amene adagula kale n'kumusunga kuchipinda. Ena adzayamba kuyendayenda kufunafuna wogula mbuzi kapena wobwereketsa ndalama. Onsewo adagulitsa mbewu pa misika yomweyo, pa mitengo yofanana, ndipo ambiri a iwo adakhalapo pa benchi imodzi madzulo a tsiku la msika. Kusiyana kwawo kudayamba pamene ena adatuluka m'nyumba atadziwa kale kuchuluka kwa ndalama imene usikuwo udali wololedwa kudya.